Khansa ya pakhosi nayo tiikambeko

Akonzi,

Ndipatseniko kampata. Pa wailesi timamva za khansa ya chibelekero ndi ya mabele, zili bwino, koma iyi ya mkamwa, lilime ndi pa mmero sitiikamba kwenikweni, pomwe kuno kummawa fodya timalima tokha, agogo ali pa nsunko, azibambo pa kachasu, zomwe madokota amati ndizo zimaiyambitsa kwambiri pamodzi ndi kachilombo ka HPV kamene anthu amapatsirana pogonana.

Chandilembetsa ndi kafukufuku wa HYPNO wa IAEA, bungwe la dziko lonse loona za mphamvu ya nyukiliya, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023. Anatenga odwala khansa imeneyi 792 m'maiko 10 osalemera, ena anawaotcha chotupa ndi makina ka 33 monga mwa masiku onse, ena ka 20 chabe pa masabata anayi koma mphamvu yoonjezerako tsiku lililonse, ndipo patapita zaka zitatu anapeza kuti kugonja kwa chotupa ndi zovuta zobwera pambuyo zinali pafupifupi chimodzimodzi. Wina anganene kuti ah kusiyana kwa ka 33 ndi ka 20 nkochepa. Kwa mlimi wa ku Chadiza olo Lundazi si kochepa iyayi, wayenda makilomita opitilira 500 pa Great East Road kukafika ku Lusaka kumene kuli chipatala cha khansa, transipoti ya anthu awiri pakuti wodwala sayenda yekha, kogona nkwa achibale, kumeza kukuvuta ndiye phala chabe, kumunda nako udzu sudikira munthu. Komanso makina akamamaliza munthu msanga ndiye kuti wotsatira pa mzere naye alowa msanga chotupa chisanakule.

Kwina ku chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai m'dziko la India anayesa mankhwala odula maningi a nivolumab, kupatsa 20mg chabe pa masabata atatu alionse pamodzi ndi mapilisi otchipa, kwa anthu amene khansa inapita kale patali. Pakutha chaka amoyo anali 43 pa 100 alionse, pomwe omwa mapilisi okha anali 16. Sikuchira ayi, koma ndi miyezi yoti bambo akhale ndi ana ake.

Ndiye ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi madokota athu aku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka aziunike zimenezi, atiuze ngati zingatheke kuno, ife ma MP athu akafunse ku palamenti.

Nafenso abale, mau akasasa masabata atatu osabwerera, chilonda mkamwa chosapola, kambulu pakhosi kosawawa olo kumeza kovuta, tisathamangire kutemera mphini nkumati atilodza, mwezi ukupita. Pitani ku kiliniki, mukambe zonse, za fodya ndi mowa osabisa, mupemphe akuoneni mkamwa ndi tochi, ngati sizikusintha akulembereni kalata ya ku Chipata Central olo St Francis ku Katete.

Ine wowerenga wanu,
ku Kapata, Chipata