Paini wabwereranji pa phiri la Mulanje?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa zimene ndinaona Loweruka lapitali ndikukwera phiri kuchokera ku Likhubula. Pamalo pomwe anacheka paini chaka chatha, pomwenso tinalonjezedwa pamsonkhano, mafumu ali pomwepo, kuti padzakhala nkhalango yachilengedwe yosadulidwanso, ndinapeza anyamata aganyu akuwokera mbande za paini yemweyo m'mizere yowongoka ngati ya chimanga. Nditawafunsa, anandiyankha kuti angotumidwa ndi abwana awo.

Abwanawo tiwaombere m'manja, chifukwa atulukira nzeru yatsopano yotetezera chilengedwe ndi macheka. Kodi iwo sadziwa kuti paini ndi mlendo amene anabwera ndi atsamunda kudzapereka matabwa, ndipo kuti ku Chambe, dera lina la paphiri lomweli, anafalikira mpaka anthu anavutika kumuchotsa? Pansi pa paini pamangodzaza zinyalala zake zomwe zimakolezera moto m'chilimwe, moti mbalame ndi zitsamba zamankhwala zimasowa pokhala. Nanga mpweya wa kaboni umene amatilalikira m'misonkhano, mtengo ungausunge bwanji ngati tsiku lowudula lidakonzedwa kale usanawokeredwe n'komwe, nthambi ndi makungwa ake n'kuthera pamoto?

Chondiwawa kwambiri ndi mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha, ndiye munthu wanzeru zake n'kutenga malo n'kupatsanso paini! Phirili lakhala lotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse, koma zikuoneka kuti ena ulemu umenewu amauwerengera m'matabwa. Ife amene tinaika maliro namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023 sitifuna kuphunzitsidwa kawiri za phiri lometedwa mpala. Chodabwitsa n'chakuti mayi wotola nkhuni amathamangitsidwa ngati mbava, pomwe malole a matabwa amatsika dzuwa likuswa mtengo.

Ndikupempha a Dipatimenti ya za Nkhalango, aphungu athu ndi mafumu kuti akwere akaone okha mvula isanathe. Mbandezo zizulidwe, pabzalidwe mitengo yachilengedwe yochokera kunazale za m'midzi yathu, paini akabzalidwe kumunsi kuti ofuna milimo asasowe, ndipo ngati kuli ndalama za kaboni, zomwe zimaperekedwa chifukwa chosamala mitengo yosunga mpweyawo, zilengezedwe poyera kuti nafenso tidziwe gawo lathu.

Wokhudzidwa,
Likhubula, Mulanje