Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a kemisitili: moyo ndi ntchito za John Frederic Daniell

Wapampando ndi mamembala nonse,

Monga munandituma kuti ndikakuimirireni ku msonkhano wa aphunzitsi a kemisitili, ndikupereka lipotili pa mutu umene unatenga nthawi yaitali kuposa ina yonse, wa moyo ndi ntchito za John Frederic Daniell, katswiri wa ku England amene batire lake timalijambula pa bolodi chaka ndi chaka.

Daniell anabadwira ku London pa 12 Malichi 1790, ndipo anayamba kutchuka ndi kafukufuku wa zanyengo. M'chaka cha 1820 anakonza chipangizo choyezera chinyontho cha mumpweya, kenako mu 1824 analangiza olima mbewu m'nyumba zagalasi kuti kutenthetsa kokha n'kosakwanira ngati mpweya wa m'katimo uli wouma. Mu 1831 anakhala pulofesa woyamba wa kemisitili ku King's College London.

Pa nkhani ya batire m'pamene tinakhalitsa. Batire limene Alessandro Volta anapanga mu 1800 linali ndi vuto loti likangoyamba kugwira ntchito, tithovu ta mpweya wa haidirojeni tinkamatirira pa mkuwa, ndipo mphamvu ya magetsi inkatsika m'kanthawi kochepa. Mu 1836 Daniell anaganiza zogwiritsa ntchito madzi amitundu iwiri: zinki anaiviika mu asidi wa sulfuric, mkuwa anauika m'madzi a copper sulfate (mchere wokhala ndi mkuwa), ndipo pakati pa madziwo anatchingapo ndi m'mero wa ng'ombe kuti asasakanikirane msanga koma magetsi azidutsa. Pambuyo pake m'malo mwa m'merowo anthu anayamba kuikamo kamphika kadothi kosapaka kanthu. Mwa njira imeneyi, pa mkuwa paja pamamatirira mkuwa wina wochokera m'madzi m'malo mwa thovu, motero mphamvu siitsika.

Zimenezi wokamba nkhaniyi pa msonkhanowo anatiwonetsa ndi maso. Atalumikiza mawaya, muvi wa voltmeter, chipangizo choyezera mphamvu ya magetsi, unaima pafupi ndi mavoti 1.1 ndipo sunasunthe mpaka zokambirana za m'mawa zinatha. Madzulo ake tinapeza kachitsulo ka zinki katadyeka, pomwe ka mkuwa kanali katakutidwa ndi mkuwa watsopano wofiirira. Kukhazikika kumeneku ndiko kunachititsa kuti batireli ligwiritsidwe ntchito kwambiri potumiza matelegalamu m'zaka za m'ma 1800. Bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society linapatsa Daniell mendulo ya Copley mu 1837 chifukwa cha ntchitoyi, imene anaifotokoza m'makalata opita kwa mnzake Michael Faraday. Daniell anamwalira mwadzidzidzi pa 13 Malichi 1845 ali pa msonkhano wa akuluakulu a bungwe lomwelo, atangokwanitsa zaka 55.

Nthumwi sizinamve chimodzi pa kaphunzitsidwe. Ena anati mbiri imadya nthawi ya silabasi ndipo pa mayeso safunsa. Ine ndinaima ndi amene anati mwana akayamba wawona batire losavuta la zinki ndi mkuwa likufooka chifukwa cha thovu, amamvetsa yekha chifukwa chake Daniell analekanitsa madzi aja, ndipo sangavutike kukumbukira kuti zinki ndi imene imataya maelekitironi pomwe mkuwa wa m'madzi ndi umene umawalandira. Kuloweza chithunzi cha pa bolodi sikungamufikitse pamenepo.

Choncho ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu ikambirane zogula copper sulfate, zinc sulfate, tizitsulo ta zinki ndi mkuwa, komanso ma voltmeter angapo oti sukulu zoyandikana zizibwerekana. Ndikulimbikitsa zinc sulfate m'malo mwa asidi chifukwa ndi yosaopsa kwenikweni m'manja mwa ana. Komiti ikavomereza, ndine wokonzeka kuwonetsa kalumikizidwe kake kwa aphunzitsi onse tsiku lomwelo.

Ine nthumwi yanu.