Kalata kwa Anabanda pa Nkhani ya Medicare

Okondedwa Anabanda,

Ndamva kuti mu Okutobala mukwanitsa zaka 65, ndipo ndaganiza zokulemberani msanga za Medicare, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la America yothandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, popeza inenso ndinadutsa momwemo ndisanabwerere kuno ku Zomba. Amene anayamba kale kulandira ndalama za penshoni ya boma za Social Security amalembetsedwa ndi boma, khadi lawo n'kufika pa positi, koma inu amene mukadali pa ntchito muyenera kulembetsa nokha pa ssa.gov, pa foni, kapena ku ofesi ya Social Security.

Mpata wolembetsera ndi wa miyezi 7: itatu mwezi wobadwa usanafike, mwezi womwewo, ndi itatu yotsatira. Kwa inu ndiye kuti ukuyamba pa 1 Julayi n'kutha pa 31 Januwale, ndipo mukalembetsa Okutobala asanalowe, chithandizo chidzayamba pa 1 Okutobala. Part A, yolipirira kugonekedwa m'chipatala, simudzailipira mwezi ndi mwezi chifukwa mwakhoma msonkho wake zaka zoposa 10.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa Part B, ya madokotala ndi zoyezayeza, imene mu 2025 inali madola 185 pamwezi. Mungaichedwetse popanda chilango ngati muli ndi inshuwalansi ya kuntchito kumene mukugwira panopa, ndipo mukapuma adzakupatsani miyezi 8 yolembetsera. Komabe funsani kuchuluka kwa antchito pakampani yanu, chifukwa akakhala osakwana 20, Medicare ndiyo imayenera kulipira poyamba, choncho kuchedwa kungakusiyireni ngongole ya kuchipatala. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi COBRA, njira yopitirizira inshuwalansi ya kuntchito kwakale, imene anthu amaitenga akasiya ntchito n'kumaganiza kuti ali pabwino, pomwe miyezi 8 ija ikutha chifukwa COBRA siwerengedwa ngati inshuwalansi ya munthu amene ali pa ntchito. Wochedwa amadikira mpata wa Januwale mpaka Malichi, ndipo amamuwonjezera 10 peresenti pa chaka chilichonse chathunthu chimene anachedwa, kwa nthawi yonse imene adzakhale ndi Part B.

Munanena kuti mukufuna kudzapumira kumudzi. Dziwani kuti Medicare silipira zipatala za kuno, koma ngati muzidzabwererako kukaona adzukulu ndi kukaonana ndi madokotala, musafulumire kusiya Part B, chifukwa chilango chija chidzakudikirani.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba, ndipo mundiuze zimene akuntchito akuyankheni.

Ndine mnzanu,
Nangozo