Dandaulo pa ntchito yomwe munagwira pa ndege yanga

Kwa Mkulu wa Kampani,

Ndakakamizika kulemba kalatayi chifukwa mafoni anga onse amathera kwa mlembi wanu, amene nyimbo yake ndi imodzimodzi, yoti abwana atuluka. Za Cessna 172 yanga sindibwereza, poti zonse zili m'mabuku mwanu.

Chichokereni kwanuko, chogwirira cha mixture, chimene chimachepetsa kapena kuwonjezera mafuta olowa mu injini, chimayamba chalimba kenako n'kupululuka mwadzidzidzi, ndipo singano ya geji ya kutentha kwa utsi, imene ndinalipira kuti mukonze, sigwedezeka n'komwe. Inu ngati akatswiri mukudziwa kuti buku la malangizo a ndegeyi limalangiza kuchepetsa mafuta pokwera munthu akapitirira mafiti 3,000, chifukwa kumwambako mpweya ndi wopepuka. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili kale pa mafiti oposa 4,000, ndipo mu Okutobala muno dzuwa likamaswa mtengo mpweyawo umapepukirabe. Ndikasiya mafuta ochuluka, injini imatsamwa, mapulagi amada, ndege n'kumakwera mokakamiza. Ndikati ndichepetseko pang'ono, chogwiriracho chimapitirira muyeso, injini n'kuyamba kutsokomola pa nthawi imene ikukoka ndi mphamvu zake zonse, mitengo ili pansi pompa, ndilibenso geji yondithandiza.

Nditabwera kudzafotokoza zimenezi, injiniya wanu sanadzuke n'komwe pampando. Anandiyankha pamaso pa anyamata ake kuti, "Madala, ngati mixture ikukuvutani bwererani kusukulu, ife kuno timakonza ndege, osati oyendetsa." Anyamatawo anafa nacho chiseko. Ndinamupempha mwaulemu kuti akoke yekha chogwiriracho amve mmene chikuchitira, koma anati ndibwere Lachisanu. Lachisanulo ndinapeza chitseko chokhoma. Ulendo wotsatira anandiuza kuti waya watsopano wa chogwiriracho ali m'njira kuchokera ku Johannesburg, ndipo zikuoneka kuti wayayo akubwera wapansi, chifukwa mpaka lero sanafike.

Ndikufuna kuti pasanathe masabata awiri musinthe wayayo, mukonze gejiyo popanda kundilipiritsanso, ndipo injiniya amene anasaina m'buku la ndege kuti zonse zili bwino akhalepo poyesa injini. Mukalephera, mundibwezere ndalama zanga zonse, ndegeyi ndikaipereke kwa ena, ndipo kalatayi pamodzi ndi tsamba lomwe anasainalo ndidzazitula kwa akuluakulu oyang'anira za maulendo a ndege m'dziko muno.

Ndine kasitomala wanu wokhumudwa.