Tiyi wakale wa ku Yunnan si wotaya

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za tiyi wina wa ku China wotchedwa pu-erh amene ambiri a ife, ngakhale tili m'dziko lolima tiyi, tikhoza kumutaya titamuona. Mphwanga pobwera ku maphunziro ku Kunming, likulu la chigawo cha Yunnan, ananditengera chimbale cha masamba opanikiza, cholemera magalamu 357, chokulunga m'pepala lolembedwa chaka cha 2009, ndipo mayi a kunyumba ataona chakacho anafuna kukachiponya kudzala poganiza kuti chinasukuluka kalekale.

Tiyi ameneyu ndi pu-erh wa mtundu wa sheng, kutanthauza waiwisi, wa ku chigawo cha Yunnan ku China, komwe madera a Menghai ndi Yiwu amatchuka naye. Masamba ake amawakazinga pang'ono m'chiwaya, amawatikita, amawayanika padzuwa, kenaka amawafewetsa ndi nthunzi n'kuwaumba, ndipo popeza sanawaumitse pa moto wamphamvu amapitiriza kusintha zaka zikamadutsa. Tisamusokoneze ndi wa shou, amene anayamba ku Kunming mu 1973, yemwe amamuvundikira pa mulu wonyowa kuti ade m'masabata owerengeka chabe.

Pomulawa ndinabenthula magalamu 6, ndinaika m'kakapu kachivundikiro ndi kuthira madzi owira. Madzi oyamba ndinataya, chifukwa ntchito yake ndi kutsuka fumbi ndi kudzutsa masamba, ndipo otsatirawo ndinkawasiya masekondi ochepa okha. Sheng watsopano amatuluka wachikasu, wowawa, wokwinyitsa lilime ngati nthochi yosapsa, koma wanga uja anatuluka wofiirira, akununkhira ngati thabwa lakale ndi zipatso zouma. Kuwawa kwake kunangodutsa, ndipo nditameza kutsekemera kunabwerera kukhosi, kumene Atchaina amakutcha huigan. Masamba omwewo ndinawathira madzi kakhumi asanathe mphamvu. Mkaka ndi shuga, zimene timazikonda m'mawa, zikanakwirira zonsezi.

Komabe chaka cha pa pepala pachokha si umboni wa ubwino, makamaka kwa amene akukumbukira mmene mtengo wogulira tiyiyu unakwerera n'kugwa mu 2007, tiyi wachinyengo atachuluka pa msika. Chachikulu ndi kasungidwe: m'chinyezi cha ku Hong Kong amakhwima msanga, mu mpweya wouma wa ku Kunming amachedwa, ndipo akamamveka fungo la chuku ndiye kuti anawonongeka. Chotsala changa ndachiika m'katoni kuchipinda, kutali ndi khitchini, pakuti masamba a tiyi sachedwa kukoka fungo la usipa ndi parafini.

Wowerenga wanu,
ku Limbe