Uchi si mankhwala a matenda a shuga

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule ndi zomwe wailesi ina inaulutsa Lamlungu madzulo, pa pulogalamu ya zaumoyo ija. Bambo uja wodzitcha dokotala, pamene ntchito yake ndi kugulitsa uchi wa m'mabotolo, anauza odwala shuga kuti azinyambita uchi mmene angafunire, eti fructose, mtundu wina wa shuga wa mu uchimo, "amatsegula enzyme yowotcha shuga". Mpaka anatchula fructose-2,6-bisphosphate, lilime likupindika bwino ndithu, muulutsi n'kumangoti "zoonadi adokotala". Koma abale!

Enzyme ndi kanthu ka m'maselo kofulumizitsa ntchito za thupi, ndipo ankanenayo ndi phosphofructokinase-1. Ili ngati mlonda wa pachipata cha njira yomwe maselo amaphwanyira glucose, shuga wa m'magazi, kuti apeze mphamvu. Mphamvu zikachuluka, ATP ndi citrate, tinthu ta m'maselo tosonyeza kuti mphamvu zakwana, zimaitseka. Zikachepa, kanthu kena kotchedwa AMP kamaitsegula. Ndi zoona kuti fructose-2,6-bisphosphate ndiye amaitsegula mwamphamvu zedi, ndipo anamutulukira mu 1980 ku Belgium ndi Emile Van Schaftingen, Louis Hue ndi Henri-Géry Hers. Apa pokha bamboyu anakhoza. Kwinako anangolubwalubwa.

Fructose-2,6-bisphosphate sachokera m'botolo la munthu aliyense. Chiwindi chimadzipangira chokha, pang'ono kwambiri, kuchokera ku fructose-6-phosphate yemwe amachokera ku glucose, insulin (homoni yotsitsa shuga m'magazi) ikalamula. Munthu akagona ndi njala homoni ina, glucagon, imakwera, ndipo chiwindi chimaphwanyanso fructose-2,6-bisphosphate uja kuti chiyambe kutumiza glucose m'magazi. Tsono wodwala shuga vuto lake ndi insulin yomweyo, yosakwanira kapena yosamveredwa ndi thupi. Supuni ya uchi ikonza bwanji zimenezo, adokotala?

Nanga fructose wa mu uchiyo amapita kuti? Akafika m'chiwindi, enzyme ina, fructokinase, imamusandutsa fructose-1-phosphate, ndipo amakalowa m'njira ija kutsogolo, osadutsa n'komwe pa phosphofructokinase-1. Palibe chomuletsa, ndiye akachuluka wina amasanduka mafuta. Mayinawa akufanana, inde, koma 1 si 2,6. Mwana wa Sitandade 3 amadziwa kusiyanitsa manambala. Dokotala wa pa wailesi zamukanika. Komanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a uchi ndi glucose weniweni, wolowa m'magazi nthawi yomweyo. Izi sanazitchule, mwina nthawi inamuthera powerenga nambala ya foni yogulira, yomwe anaibwereza mpaka ife tinailoweza.

Chondiwawa n'chakuti agogo akumudzi, omwe amayenda mtunda wautali kukatenga metformin, mankhwala a shuga, kuchipatala, anamva zimenezi m'Chichewa chomveka bwino, pamene anamwino amawafotokozera mothamanga chifukwa mzere wafika panja. Akhulupirira ndani? Masiku ano aliyense wokhala ndi ndalama akugula nthawi pa wailesi. M'mabasi namonso ndi zomwezo: wina botolo limodzi lochiza BP, shuga, nyamakazi ndi kusabereka, anthu n'kumapisa m'matumba. Wovala jekete loyera aliyense tamusandutsa dokotala, ngakhale ogulitsa nyama m'butchala amavala lomwelo.

A MACRA ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, chonde pemphani tepi ya pulogalamuyi muimvere. Wailesiyo iitane mphunzitsi wa biochemistry wa ku Kamuzu University of Health Sciences adzakonze bodzali pa ola lomwelo, ndipo wogulitsa uchi azilengezedwa kuti ndi wogulitsa uchi.

Mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito,
Zomba