Lipoti la nthumwi: msonkhano wokambirana za mzikiti wa m'dera lathu

A Wapampando, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse a bungwe lathu la maliro kuno ku Joni, landirani moni.

Munandituma pamodzi ndi bambo athu a ku Machinga aja, omwe ndi Msilamu, kuti tikamve zokambirana za nyumba yapakona imene Asilamu a m'dera lathu akufuna kuisandutsa mzikiti. Msonkhanowo unachitika Loweruka masana mu holo ya sukulu, ndipo anauitanitsa ndi komiti ya eni nyumba mogwirizana ndi khansala wa wadi yathu. Holo inadzaza mpaka ena anaimirira kukhomo. Zimene ndalemba pano tawerengerana awirife n'kugwirizana, koma pamene ndikuika maganizo angaanga ndinena.

Woyamba kulankhula anali mayi wina wodziwa za mapulani a mzinda. Anafotokoza kuti nyumba yolembedwa kukhonsolo kuti ndi yogonamo anthu siingangosanduka malo opemphereramo. Mwini wake amayenera kupempha chilolezo kukhonsolo ya Johannesburg, motsatira lamulo la dziko la 2013 lotchedwa SPLUMA komanso ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka malo imene mzindawu unakhazikitsa mu 2018. Chikwangwani chimakhomedwa pampanda, oyandikana nawo amadziwitsidwa, ndipo aliyense amene ali ndi dandaulo amapatsidwa masiku 28 kuti alembe. Madandaulo akakhalapo, nkhani imapita kukagulu ka khonsolo koweruza za malo. Mayiwo anatsindika kuti kaguluko kamayang'ana za magalimoto, phokoso, madzi, zimbudzi ndi kulimba kwa nyumba. Dzina la chipembedzo si nkhani yawo. Lamulo lake ndi limodzi kwa mzikiti, tchalitchi ndi kachisi wa Ahindu. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ikutikhudza kuposa mmene ambirife timaganizira.

Madandaulo oyamba anali omveka, ndipo sindikufuna kuti wina aganize kuti aliyense wotsutsa anali ndi mtima woipa. Agogo ena amene akhala mumsewuwo kuyambira kale anati Lachisanu masana magalimoto amatseka geti lawo, ndipo akuopa kuti tsiku lina ambulansi idzalephera kulowa. Mayi wina amene amagwira ntchito usiku anafunsa za azana (kuitanira Asilamu ku mapemphero) ya m'bandakucha, ngati idzaulutsidwe pachimkuzamawu. A komiti ya mzikiti anayankha modekha. Anati azana ya m'mawa idzamveka mkati mokha, anati akukambirana ndi mwini malo ena apafupi kuti magalimoto aziima kumeneko, ndipo analonjeza anyamata oongolera magalimoto Lachisanu lililonse komanso usiku wa m'mwezi wa Ramadhani. Agogo aja anapempha kuti malonjezowo alembedwe papepala n'kusainidwa. Ine ndinaona kuti pempho lawo linali lolungama, ndipo a komiti anavomera.

Pankhani ya azana, loya wina anakumbutsa za mlandu wa ku Isipingo Beach, kumwera kwa Durban. Mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu la ku Durban linalamula madrasa (sukulu ya Chisilamu) ya kumeneko kuti azana isamamveke m'nyumba ya munthu woyandikana nayo amene anakadandaula. Mu Novembala 2022 bwalo la apilo ku Bloemfontein linathetsa chigamulocho. Linati wodandaulayo sanasonyeze kuti phokosolo linkapitirira muyezo umene munthu wamba angapirire, ndipo zimene zinaonekera kwambiri m'zikalata zake ndi kudana kwake ndi Chisilamu. Loyayo anati chigamulochi sichikupereka ufulu wosokosera anthu mmene munthu angafunire. Chikungonena kuti kuipidwa ndi chipembedzo cha mnzako si umboni wa phokoso. Anawerenganso gawo 15 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1996, lonena za ufulu wa chipembedzo, ndi gawo 31, lonena kuti anthu a chipembedzo chimodzi asaletsedwe kupembedza pamodzi.

Kenako zinthu zinatembenuka. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti vuto si magalimoto ayi, vuto ndi lakuti opemphera m'nyumbamo ndi alendo: Asomali, Apakistani, Amalawi. Anati mzikiti ukamangidwa adzabwera ambiri ndipo mitengo ya nyumba idzatsika. Ena anaomba m'manja. Apa ndi pamene mtima wanga unagunda, chifukwa dzina la dziko lathu linatchulidwa poyera, ndipo amene ankalitchulayo sankasiyanitsa Mmalawi wa kumzikiti ndi Mmalawi wa ku CCAP ngati ine. Kwa iye tonse tinali gulu limodzi loyenera kuchoka. Amene munali kuno mu Meyi 2008, pamene ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, mukudziwa kuti mawu otere sathera mu holo.

Amene anamuyankha bwino anali shehe wina wachikulire wobadwira konkuno. Sanakweze mawu. Anati mzikiti woyamba m'dziko lino, wa Auwal ku Bo-Kaap mu Cape Town, unayamba mu 1794, ndipo mphunzitsi wake woyamba, Tuan Guru, anali atakhalapo mkaidi pa Robben Island zaka zambiri Mandela asanabadwe. Anati muno mu Johannesburg, panja pa mzikiti wa Hamidia ku Newtown, ndi pamene Gandhi ndi anzake anatenthera zitupa zawo pa 16 Ogasiti 1908 pokana lamulo latsankho. Anakamba za dera la Fietas muno mu Johannesburg, kumene boma la tsankho linagumula nyumba za anthu pogwiritsa ntchito lamulo la Group Areas n'kuwasamutsira ku Lenasia, mizikiti n'kutsala yokha pakati pa mabwinja. Anatchulanso mzikiti waukulu wa Nizamiye ku Midrand, umene unatsegulidwa mu 2012 ndipo uli ndi sukulu ndi chipatala chothandiza aliyense. Mfundo yake inali yakuti Asilamu ndi ochepa m'dziko lino, safika n'komwe awiri pa anthu 100 alionse, koma si obwera dzulo, ndipo nthawi yomaliza imene anthu anasankhulidwa malo okhala ndi opemphera potengera mtundu wawo, aliyense akudziwa dzina la boma limene linachita zimenezo. Holo inakhala chete kwakanthawi.

Khansala atatsegula mwayi kwa magulu, bambo athu a ku Machinga anandikodola kuti ndilankhule ine, poti mawu a Mkhristu pankhaniyi akanamveka mosiyana. Ndinanena mwachidule kuti bungwe lathu lili ndi Asilamu ndi Akhristu, timasonkha ndalama m'thumba limodzi, ndipo mtembo ukamapita kwathu sitifunsa ngati ukupita ku Mangochi kapena ku Ntcheu. Ndinati tikugwirizana ndi agogo aja pankhani ya geti lawo, koma sitingagwirizane ndi wina aliyense wofuna kuletsa nyumba ya mapemphero chifukwa cha mtundu wa opempheramo. Sindinapitirire pamenepo, chifukwa simunandipatse mphamvu yolonjeza chilichonse.

Tsopano maganizo anga. Ife Amalawi tisadzitame kuti kwathu zoterezi kulibe. Mu 2003 ku Mangochi matchalitchi anaonongedwa pa ziwawa zimene zinabuka boma litagwira Asilamu asanu ochokera kunja n'kuwatulutsa m'dziko. Mu Novembala 2019 ku M'manga, m'boma la Balaka, mkangano wa hijabu (mpango wakumutu wa atsikana a Chisilamu) pasukulu ya Anglican unafika povulazana ndi kuononga nyumba zopemphereramo, ana n'kukhala osaphunzira. Chimene chinathetsa nkhani ya hijabu sichinali kukuwa. Bungwe la Public Affairs Committee, limene kuyambira 1992 limakhazika pamodzi mabishopu, abusa ndi mashehe, linayenda nayo mpaka mbali zonse zinasainirana pangano mu 2021. Dziko lathu linasankha Bakili Muluzi, Msilamu, mu 1994 n'kumusankhanso mu 1999, pomwe Asilamu ndi ochepa poyerekeza ndi Akhristu. Ambirife tili ndi amalume a kumzikiti ndi azakhali a kumvano. Luso lokhala pamodzi tili nalo, ndipo tinaliphunzira movutikira. N'chifukwa chake zinandipweteka kumva kuti ena mwa ife, Akhristu anzanga, asainira kale kalata yotsutsa mzikitiwu osaiwerenga n'komwe, poganiza kuti akutumikira Mulungu.

Abale anga, taganizirani kumene ifeyo timapemphera Lamlungu. Mipingo yathu yambiri kuno imasonkhana m'magalaja, m'mashopu akale ndi m'zipinda zapamwamba m'tauni, zina za khomo limodzi lokha. Ndi ingati imene ili ndi chilolezo cha khonsolo? Kiyibodi ndi zimkuzamawu zathu za usiku wonse zimamveka patali kuposa azana ya mphindi zochepa. Ngati eni nyumba aphunzira kuti akhoza kutseka mzikiti pongonena kuti muli alendo, sabata yotsatira adzagogoda pagalaja yathu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Asilamu a pakonawa achita chimene ambirife sitinachite: apita kukhonsolo, alipira wojambula mapulani, akhoma chikwangwani, aima pamaso pa anthu kuyankha mafunso. Ndipo nkhani ya chilolezo tisamaione ngati nkhanza za boma basi. Moto wa panyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu, m'nyumba imene munalibe njira zabwino zothawira. Amene timalowetsa ana athu m'chipinda cha khomo limodzi sabata iliyonse tiyenera kuganizira zimenezo.

Msonkhano sunavote, chifukwa chigamulo si cha holo ija koma cha khonsolo. Anagwirizana kuti a mzikiti ndi eni nyumba a mumsewuwo asankhe anthu ochepa oti alembe pangano la magalimoto ndi chimkuzamawu, ndipo khansala anati makalata a mbali zonse, ovomereza ndi otsutsa, akulandiridwabe mpaka nthawi ya madandaulo itatha.

Chimene tikupempha kwa inu pamkumano wa Lamlungu likubwerali ndi chakuti mulole a mlembi alembe kalata m'dzina la bungwe, yonena kuti tikuvomereza mzikitiwu pamodzi ndi pangano loteteza oyandikana nawo. Bambo athu a ku Machinga apemphanso kuti mamembala amene ziphaso zawo zokhalira muno sizili bwino asaike maina awo pakalata iliyonse, asaine okhawo a komiti amene zikalata zawo zili m'malo mwake. Ine ndikuonjezera pempho kwa abusa ndi akulu a mpingo amene ali m'bungwe lino, kuti abwere ndi mayankho a mmene malo awo opemphereramo alili kukhonsolo, chifukwa mayi wa mapulani uja wavomera kudzatifotokozera njira yake kwaulere ngati titamuitana.

Ndine nthumwi yanu.